Kope la mphepo ku Senga Bay: 25 Ogasiti mpaka 24 Seputembala 2025

Ntchitoyi inayamba chifukwa cha funso limene ndimafunsidwa pafupifupi madzulo alionse ndikakhala pakhonde: "Aphunzitsi, wailesi yati bwanji, tilowe kapena tigone?" Chipumire ntchito ya uphunzitsi, anyamata a padooko anandisandutsa ofesi yawo, poti ine ndi amene sindiphonya nkhani za nyengo pawailesi, ndipo uthenga wa a nthambi yoona zanyengo umandipeza pa WhatsApp. Koma yankho langa linali longobwereza zimene ndamva, ngati mwana wa sitandade 2 woloweza ndakatulo. Ndiye tinagwirizana ndi a komiti ya BVC, yoyang'anira za usodzi pagombe pathu, kuti kwa mwezi umodzi tizilemba tokha zimene zikuchitika pagombe pathu pano, n'kumaziika pambali pa zimene akatswiri alosera, ndipo madzulo tizilemba pabolodi zimene tikuyembekezera mawa lake. Zimene zili m'munsizi ndakopera m'kope lomwelo. Masiku amene munalibe kanthu koposa manambala ndawadumpha.

Lolemba, 25 Ogasiti

Zida zonse zakwanira m'jumbo imodzi. Choyezera kutentha chomwe mwana wa mlongo wanga anandigulira ku Lilongwe, chosonyeza kutentha kwakukulu ndi kochepa kwa tsiku. Choyezera mvula chapulasitiki, chomwe ndikudziwa kuti chikhala chouma mpaka Okutobala kapena Novembala, koma tachiimika kuti tizolowere kuchiyang'ana 8 koloko m'mawa monga amachitira a zanyengo. Nsungwi yaitali yomwe tamangirira chidutswa cha chitenje chakale cha mayi a kunyumba. Paipi yachitsulo yomwe takhoma m'madzi pafupi ndi miyala, yolembedwa mizere ndi penti. Bolodi ndi choko n'zotsalira za kusukulu.

Tiziwerenga katatu: 5:30 m'mawa, 2 koloko masana ndi 5 koloko madzulo. Dzuwa likutuluka cha m'ma 5:50, ndiye kuwerenga koyamba kukufuna tochi.

Cholakwa choyamba ndi changa. Choyezera kutentha ndinachipachika pakhoma la khitchini, pansi pa malata, ndipo 2 koloko chinaonetsa 36. Mwezi wa Ogasiti, munthu atavala juzi m'mawa! Ndinachotsa. Mnyamata wopala matabwa a maboti wandikhomera kabokosi kokhala ndi mipata m'mbali monse, tapaka penti yoyera, taimika pamtengo wa mita imodzi ndi theka pabwalo, kutali ndi khoma. Manambala a lero ndawadula ndi mzere.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

M'mawa 17, masana 28. Mwera wapakati tsiku lonse. Mitambo yochepa yoyera kutsidya. Mango achita maluwa kwambiri chaka chino, njuchi zili wiii kuyambira m'bandakucha.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Lero tinakangana za mawu, ndipo mkanganowo wapindulitsa ntchito kuposa zida zonse zija.

Ine ndinabwera ndi muyezo wa Beaufort umene ndinkaphunzitsa mu jogalafe, woyambira pa 0 kufika pa 12. Ndinayamba kufotokoza kuti pa 3 thovu loyera limayamba kuoneka apo ndi apo pamafunde, pa 4 limachuluka ndipo mphepo imakhala ikuthamanga makilomita 20 mpaka 28 pa ola. A siginala a boti lina la chilimira (khoka lophera usipa), bambo amene akhala panyanja kuyambira ine ndisanalowe kalasi, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Aphunzitsi, nambala 4 yanuyo ndikwera nayo bwato kapena ayi?" Ndinati zimatengera. Anati, "Ndiye lembani zotengerazo."

Siginala, kwa amene simuli a kunyanja, ndi munthu amene amakhala yekha m'bwato laling'ono ndi nyali usiku, kuitana usipa kuti usonkhane, n'kuuza anzake a m'maboti nthawi yoponya khoka. Iyeyo ndi amene mafunde amayamba kumupeza. Ndiye mawu ake pa nkhaniyi ndi olemera kuposa buku langa.

Tagwirizana magawo anayi okha. Bata: nyanja yagona, chitenje chili lende. Kamphepo: chitenje chikugwedezeka, mafunde alipo koma opanda thovu, aliyense alowe. Thovu: chitenje chaongoka, nyanja yayera mitu, a injini alowe mosamala, a nkhafi akhale. Osalowa: nsungwi yeniyeniyo ikuwerama. Pambali pake tizilemba dzina la mphepo: Mwera wochokera kummwera, Vuma wa kum'mawa, Mpoto wa kumpoto, Zambwe wa kumadzulo. Manambala a Beaufort ndiziwalemba ndekha ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba, kuti mtima wa uphunzitsi ukhale pansi.

Loweruka, 30 Ogasiti

Dzulo madzulo uthenga wa a zanyengo unachenjeza za Mwera wamphamvu panyanja. Ndinalemba pabolodi kuti "Osalowa" ndipo sanalowedi, kupatula boti limodzi lomwe linabwerera lisanadutse chilumba cha Namalenje. Mwera unafika cha pakati pa usiku. M'mawa uno nsungwi ikuwerama, mchenga ukukwapula miyendo, m'mawa 16, masana sikunapose 26.

Anyamata ali pansi pa mtengo kusoka maukonde ndi kusewera bawo, ndiye ndinapeza mpata wowafotokozera chifukwa chake akatswiri amaudziwa Mwera kudakali masiku awiri kapena atatu. Mphepoyi siibadwira pano. Imayamba mpweya wozizira ndi wolemera ukaunjikana cha kugombe la South Africa, n'kuyamba kukankhira chakumpoto kudzera ku Mozambique. Ukafika kuno umapeza nyanja yathu itagona kuchokera kummwera kupita kumpoto ngati ngalande pakati pa mapiri, ndiye umangothamanga osapunthwa. Chinthu chachikulu chotere makina amachiona chikubwera. Mpweya womwewo ukakwera mapiri a ku Mulanje ndi ku Thyolo umagwetsa chiperoni, pomwe ife kuno tikungolandira mafunde.

Mmodzi anafunsa chifukwa chake madzi amazizira Mwera ukaomba. Mphepo imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndiye chakummwera kuno madzi ozizira a pansi amakwera kudzatseka malo. Madzi a pansiwo amabwera ndi chakudya cha tizilombo tating'ono timene usipa umadya. A siginala aja anangoti, "Ndiye mwati chimene timanena, kuti Mwera ndi khasu la nyanja." Sindinawamvepo akunena chonchi kale, koma ndalemba.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Mwera unatha dzulo masana, utaomba masiku awiri ndi theka. Usiku maboti analowa onse mwezi utalowa, ndipo m'mawa uno dooko linadzaza. M'mawa 17, masana 29, kamphepo.

Amayi a pathandala andidandaulira kuti bolodi likulankhula ndi amuna okha. Iwo funso lawo ndi lina: usipa akayanika m'mawa uuma lero lomwe kapena ugona pathandala? Ndipo Mwera wa mchenga uja umawaonongera malonda, chifukwa usipa wamchenga ogula a ku Lilongwe amaugwetsa mtengo. Mayi wina anati, "Bambo, mutiuzeko za mitambo ndi fumbi, ife mafunde tilibe nawo ntchito." Zoona. Tawonjezera mzere wa mitambo (palibe, pang'ono, theka, thambo lonse) ndi wa fumbi. Mdzukulu wanga wamkazi wa fomu 2 ndi amene watenga mbali imeneyi, ndipo zilembo zake n'zooneka bwino kuposa zanga.

Lachisanu, 5 Seputembala

Kuwerenga kwa masana kulibe. Ine ndinali kumaliro ku Lifuwu, mnyamata amene ndinamusiyira anapita ku Juma n'kuiwala. Ndamuuza kuti asalembe nambala yongoganiza, mpata ukhale choncho.

Lamulungu, 7 Seputembala

Mwezi wathunthu, ndiye a kauni, opha usipa ndi nyali usiku, ali patchuthi. Nyali siingapikisane ndi mwezi, usipa umangobalalika. Pafupifupi sabata yonse ino bolodi alibe nalo chidwi, ndipo ndaphunzirapo kuti tizilemba msinkhu wa mwezi pamwamba pa tsamba lililonse, chifukwa kulosera mphepo ya usiku umene palibe wolowa ndi kutaya choko.

Koma usiku uno anthu anadzaza pagombe chifukwa cha kadamsana. Ndinali nditalemba pabolodi kuyambira Lachisanu kuti mwezi udzafiira kuyambira cha m'ma 7:30 mpaka chisanakwane 9 koloko usiku. Ena anaseka, akuti aphunzitsi ayamba ulosi. Mwezi unatuluka kutsidya uli bwinobwino, kenaka unayamba kudyeka mbali imodzi, ndipo pofika nthawi ija unali ngati chikwanje chochotsa pamoto. Thambo linali loyera, bata lenileni, nyenyezi zinatuluka zonse ngati mwezi palibe. Ana anaimba zitini. Agogo ena aakazi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, wadziwa bwanji?"

Ndinasangalala, ndisaname. Koma ndikudandaula pang'ono, chifukwa tsopano akuganiza kuti mphepo ndingaitchule ola lake ngati mmene ndatchulira kadamsana. Kadamsana anawerengeredwa zaka zambiri zapitazo ndi anthu ena, ine ndangokopera. Mphepo ya mawa ndi nkhani ina.

Lachitatu, 10 Seputembala

Lero bolodi lanama, ndipo wolemba bodzalo ndi ine.

Dzulo madzulo kunalibe chenjezo lililonse la Mwera. Masiku atatu apitawa kuwerenga kwathu kwa 5:30 m'mawa kunali bata kapena kamphepo, 2 koloko kamphepo, 5 koloko bata. Ndinalemba ndi mtima wonse kuti "Mawa: bata mpaka kamphepo. Aliyense alowe." Mwezi ukadali waukulu, choncho a chilimira ambiri sanalowe, koma a mabwato a nkhafi anapita kukaonjola matchera m'bandakucha.

Pa 5:30 ndinawerenga: 19, bata. Ndinabwerera kunyumba kukamwa tiyi. Ndisanamalize kapu ndinamva malata a bafa akulira. Potuluka, chitenje chaongoka kuloza kumtunda, nyanja yayera kuyambira pagombe mpaka pomwe maso alekezera. Vuma. Inali isanakwane 7 koloko.

Mwera kuno umabwera chammbali, ndipo gombe lathu lili ndi malo ena obisalira. Vuma alibe pobisalira, amabwera molunjika kuchokera kutsidya n'kudzaswera mafunde pamchenga penipeni pokocheza. Mabwato anayi anali asanatuluke. Atatu anafika bwino. Lachinayi, la mnyamata wina ndi mng'ono wake, linatembenuzika pofika pomwe mafunde amaswekera, madzi a m'chifuwa. Anthu anathamangira, onse awiri anatuluka amoyo, koma nsomba zonse zinabwerera kwawo ndipo nkhafi imodzi sinapezeke. Pofika 11 koloko mphepo inayamba kufooka, ndipo pa 2 koloko, nthawi yanga yowerenga, kunali kamphepo kabwinobwino. Ndikanakhala kuti ndinagona m'mawa wonse, kope likanati lero kunali tsiku labata.

Pamenepa m'pamene ndaona kupusa kwa ndondomeko yanga. Maola atatu aja ndinawasankha poganizira kutentha: m'mawa kuzizira kwambiri, masana kutentha kwambiri. Mphepo ya nyengo ino imadutsa pakati pa maola angawo ngati mbuzi yodziwa pomwe mpanda wathyoka.

Madzulo ndinapita kwa mnyamata uja. Mayi ake anandipatsa mpando, ndinapepesa. Iye anati, "Ayi aphunzitsi, nyanja ndi nyanja." Koma bambo ake aang'ono sanandinyengerere. Anati, "Achimwene, mukalemba kuti aliyense alowe, anawa amasiya kuyang'ana okha." Mawu amenewa andikhala. Kuyambira lero pabolodi sipadzalembedwanso "aliyense alowe". Tizilemba zimene tikuyembekezera basi, kulowa aziweruza eni bwato. Nkhafi ndalipira.

Lachisanu, 12 Seputembala

Vuma anabweranso dzulo ndi lero. Dzulo anayamba 6:40, kufooka cha m'ma 11. Lero 7:10, kufooka 10:30. Tatsegula mizere iwiri yatsopano yomwe ndikuona kuti ndiyo mtima wa kope lonse: ola lomwe mphepo yayamba, ndi ola lomwe yagwa. Kuwerenga kwawonjezeka, 7 koloko ndi 10 koloko. Wogulitsa tiyi padooko wavomera kuti aziyang'ana nsungwi ndi wotchi ya pafoni yake, poti iye sachoka pamenepo m'mawa wonse. Malipiro ake ndi oti dzina la tiyi wake lizikhala pansi pa bolodi.

Ndinakhala nthawi yaitali ndi a siginala aja kuwafunsa mmene iwo amamudziwira Vuma. Poyamba anakana, akuti za makolo sizilowa m'kope. Kenaka anayamba okha. Akuti amayamba kubwera Mwera akamatopa, mitengo ya tsamba kumapiri ikamavala masamba ofiira, ndipo amalimba kutentha kukamakula. Akuti usiku wake kumakhala bata lokayikitsa, kamphepo ka kumtunda kamene kamatsika usiku n'kununkhira utsi wa m'midzi kamasowa. Ndipo m'bandakucha, mphepo isanafike, timafunde tataliatali timayamba kufika pagombe kuchokera kum'mawa popanda chozikankha chooneka. "Mukaona nyanja ikupuma chonchi," anatero akukweza ndi kutsitsa dzanja, "kokani bwato."

Chizindikiro chomalizachi ndachikonda chifukwa chili ndi mutu. Ngati mphepo yayamba kale kutsidya, mafunde ake akhoza kutifika mphepoyo isanatipeze. Tiziyang'ana pa 5:30 n'kulemba kuti alipo kapena palibe. Pakatha masabata angapo kope lidzanena lokha ngati agogowa akulondola kangati.

Uthenga wa a zanyengo wa sabata ino unatchula mphepo yochokera kum'mawa komanso kutentha kowonjezeka m'madera a m'mbali mwa nyanja, ndipo n'zimene zachitikadi. Iwo amalankhula za nyanja yotalika makilomita oposa 500, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi. Zoti pa dooko lathu iyamba 6:40 kapena 7:10 n'zathu, tizipeza tokha.

Lamulungu, 14 Seputembala

M'mawa 19, masana 31. Vuma wofooka, 8 koloko mpaka 10. Juzi ndaibweza m'sutikesi.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Tsiku la chisankho. Ndinawerenga 5:30 n'kupita kukaima pamzere. Maboti ochepa okha ndi amene analowa usiku. Masana 32, kutentha koposa masiku onse chiyambire kope. Pamzere anthu amabisala pansi pa nsangu, womwe nyengo ino uli ndi masamba ake onse pomwe milambe ili mbulanda. Mtengo wa makani umenewu, umavala anzake akavula, udzayoyola mvula ikadzayamba. Za ndale sizilowa muno.

Lachisanu, 19 Seputembala

Mapiri a kutsidya, cha kwa Makanjira, sakuonekanso. Kumayambiriro kwa kope tinkawaona bwino m'mawa uliwonse, ngakhale zilumba za Maleri kummwera zinkaoneka mitengo yake. Tsopano thambo lachita mbuu, dzuwa likutuluka lofiira loti n'kuliyang'ana ndi maso osaphethira. Mdzukulu wanga analemba "mitambo: thambo lonse", ndipo ndinamukonza. Si mitambo iyi, ndi utsi ndi fumbi. Anthu akusosa ndi kutentha mapesi, osaka mbewa akuyatsa tchire, usiku moto ukuoneka mizeremizere kumapiri a kumadzulo. Kusiyanitsa n'kofunika kwa amayi a pathandala, chifukwa pansi pa utsi usipa ukuuma tsiku lomwelo. Tawonjezera funso losavuta: Namalenje akuoneka? Maleri akuoneka? Kutsidya kukuoneka? Zitatuzi zikupereka muyezo wa kutalika kwa pomwe maso akufika popanda kugula chida.

Masana kamvuluvulu anadutsa pamsika n'kunyamula mapepala ndi lata limodzi la shedi. Ana anamuthamangira akuloza chala. Nthaka ikatentha kwambiri mphepo ili chete m'pamene amabadwa, ndipo tiona ambiri mwezi wa mawa.

Za paipi ija sindinalembepo chiyambire. Kuwerenga kwake n'kovuta, chifukwa nyanja ikangogwedezeka pang'ono mzere suoneka, ndiye timawerenga m'mawa wa bata lokha. Kuyambira pa 26 Ogasiti madzi atsika ndi masentimita 12. Anyamata ankati onsewo akupita ku Shire, ena mpaka kunena kuti ku Liwonde atsegula zitseko. Shire amatengadi gawo lake, ndipo zitseko za pa Kamuzu Barrage zimawongolera madzi opita ku magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma madzi ambiri amene nyanja ino imataya amakwera kumwamba ngati nthunzi, dzuwa ndi mphepo ndiye akumwa. Kutsikaku kupitirira mpaka mvula itakhazikika, ndipo nyanja imadzafika pachimake cha m'ma Epulo kapena Meyi. Pano palibe amene waiwala 2024, pomwe inapitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali monse muno. Chitsa cha mtengo umene unafa ndi madzi chaka chimenecho chili pamtunda tsopano, ana akukhalapo posenda nzimbe. Tapakapo penti kuti chikhale chizindikiro chathu chachiwiri, paipi ikadzazulidwa ndi ofuna chitsulo.

Lamulungu, 21 Seputembala

Mwezi wafa, mdima wabwerera, maboti onse ali m'madzi. Sabata ino ndiye bolodi likuwerengedwa ndithu, ena akulijambula pafoni kutumizira anzawo a madooko ena.

M'mawa kunaoneka mizati iwiri yakuda itaima pamadzi kutali chakumpoto, kulowera ku chilumba cha Mbenji. Mlendo wina wochokera ku Lilongwe anafunsa ngati boti likupsa. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timakulira pansi pa nyanja n'kutuluka tonse pamodzi, kawirikawiri mwezi ukakhala mumdima. Kwathu kuno sizifika kwambiri ngati ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, komwe amazikola ndi malichero n'kuumba zikondamoyo zake. Kwa ife phindu lake ndi loti mzati wa nkhungu ndi mbendera yaulere ya pakati pa nyanja: kumene wapendekera ndi kumene mphepo ya kumeneko ikupita. Lero inali itaima chilili mpaka 7:30, kenaka inawerama kuloza kumtunda, ndipo patangopita mphindi 20 chitenje chathu chinadzuka.

Mafunde a agogo aja: pa masiku 9 amene tayang'ana, anaoneka m'bandakucha kasanu, ndipo kanayi mwa kasanuko Vuma wa thovu anabweradi. Tsiku limodzi Vuma anabwera popanda iwo. Masiku ndi ochepa kwambiri kuti munthu aimbe nawo ng'oma, koma ndinawauza. Anangoti, "Tsiku limodzilo munachedwa kudzuka."

Lolemba, 22 Seputembala

Usana ndi usiku zalingana. Dzuwa latuluka cha m'ma 5:30, ndiye kuwerenga koyamba tikusunthira ku 5 koloko kuti tiziona nyanja mphepo isanadzuke. Kuchokera pano dzuwa likubwera chakwathu, ndipo kumapeto kwa Okutobala lidzakhala pamutu penipeni masana. M'mawa 21, masana 32. Usiku anthu ayamba kutulutsa mphasa panja, udzudzu nawo wayamba kulemba anthu ntchito.

Lachitatu, 24 Seputembala

Mwezi umene tinapangana wakwana, masiku 31. Komiti inakumana pansi pa mtengo madzulo ano, ndipo ndinawerenga zimene zili m'kope.

Mvula: palibe ngakhale dontho, choyezera chagwira akangaude awiri. Kuzizira kwa m'mawa kwachoka pa 16 ndi 17 kufika pa 21. Kutentha kwa masana kwachoka pa 26 mpaka 28 kufika pa 32. Kunena zoona manambala amenewa palibe anawafunsa mwezi wonse, kupatula mdzukulu wanga ndi ine. Chida chimene ndinawonongerapo ndalama ndi chimene chagwira ntchito yochepa, chitenje chakutha ndi wotchi ya wogulitsa tiyi ndizo zanyamula ntchito.

Mwera wofika pa "osalowa" unabwera kamodzi, kumapeto kwa Ogasiti kuja, ndipo a zanyengo anauneneratu. Kuyambira pa 10 Seputembala, Vuma waomba m'mawa 10 mwa 15. Sanayambepo isanakwane 6:30, ndipo kupatula tsiku limodzi, pofika 12 koloko amakhala atagwa. A chilimira atengapo mfundo yawo okha: m'malo modikira kuponya komaliza kwa m'bandakucha, amene ali kutali azinyamuka kuti 6 koloko iwapeze akukocheza. Ena akukana, akuti kuponya komalizako ndi kumene kumalipira mafuta a injini. Mkangano umenewo si wa kope, ndawasiya.

Tagwirizana kupitiriza mpaka mvula itayamba. A komiti akufuna kuti tipeze munthu ku Chikombe ndi wina ku Chipoka oti azilemba ola la mphepo chimodzimodzi, tione ngati Vuma amafika nthawi imodzi gombe lonse kapena amayambira kwina. Alimi a kumtunda nawo ayamba kufunsa za chizimalupsa ndi za ulosi wa dzinja lonse umene a zanyengo amatulutsa nyengo ngati ino. Ndawauza kuti ukandipeza ndidzaulemba pabolodi monga ulili, osawonjezera maganizo anga, komanso kuti mvula yozimitsa lupsa si yodzalira. Chofunika kugula: choko, penti yofiira ya paipi, ndi kope lina, chifukwa mizere yachuluka moti tsiku limodzi likudya masamba awiri. Chitenje chathetheka kumapeto, mayi a kunyumba akuti china sapereka.

Pabolodi madzulo ano talemba izi:

Lachinayi mpaka Loweruka. Kotentha, masana 32 kapena 33. Mvula palibe. Utsi wambiri, kutsidya sikuoneka. Usiku bata kapena kamphepo. Vuma akuyembekezeka m'mawa, pakati pa 6:30 ndi 8 koloko, akhoza kufika pa thovu, kugwa chisanafike 12. Chenjezo la Mwera palibe mpaka pano, likabwera tilemba ndi choko chofiira. Mwezi ndi wakhanda, ukulowa msanga. Usipa wa pathandala uuma tsiku lomwelo. A nkhafi yang'anani mafunde a kum'mawa musanakankhe bwato.

Mawa kuwerenga kwa 5 koloko kuli ndi mdzukulu wanga, ine ndikupita ku Kamuzu Road kukafuna choko chofiiracho.